Galimoto Yabuluu ya Mkamwini Wanga

1

Makaniko amaidziwa galimoto ndi makutu, maso amangobwera kudzachitira umboni. N'chifukwa chake Loweruka lija ndinaizindikira ndisanaione n'komwe.

Ndinali pakhonde ndikumwa tiyi. Kumsewu kunamveka injini ya mawu a besi, yogunda mosalingana ngati mtima wa munthu wonenepa amene akukwera masitepe. Dalaivala atasintha giya, galimotoyo inayetsemula: psiii! Kuyetsemula kotero ndi kwa tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini. Ndinaika kapu pansi.

Geti linatseguka, n'kulowa galimoto yabuluu, yotsika ngati ikufuna kununkhiza dothi, ya chibowo pa boneti ndi chiphiko kumbuyo. Pachiwongolero panali mkamwini wanga, mano onse panja. Kumanzere kwake kunali mwana wanga mmodzi yekhayo, mphunzitsi wa masamu, amene ine ndimamutchabe Kamsomali chifukwa ali wamng'ono ankatolera misomali m'galaja mwanga n'kumadzaza matumba a diresi.

"Apongozi, nayotu!" anatero mkamwini akutsika. "Ya ku Japan yeniyeni, tebo, mawilo onse anayi amakoka. Amene wandigulitsa akuti chibwerereni sinagundepo."

"Sinagundepo?"

"Ngakhale nkhuku, apongozi."

Ine ndakhala ndikukonza magalimoto kwa zaka makumi atatu. Dzina langa lenileni anthu analiiwala, amangoti a Sipanala. Ndipo ankati ukafuna makaniko wosakudula khosi, wokuuza zoona ngakhale zowawa, pita kwa a Sipanala. Mbiri imeneyi ndinkainyadira kuposa nyumba imene ndinamanga.

Ndinaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono. Ndinatsegula chitseko cha dalaivala, n'kukweza labala wa m'munsi mwake, n'kuyendetsa chala pachitsulo. Wowotcherera aliyense ali ndi kalembedwe kake. Ine ndikamaliza mzere ndimabwerera pang'ono n'kusiya kadontho kumapeto. Chala changa chinapeza mzere pansi pa penti. Chinautsatira mpaka kumapeto, ndipo kadontho kanali pomwepo.

"Bambo, mwangoti zii bwanji?" anafunsa Kamsomali. "Simunaikonde?"

"Ndi yokongola," ndinatero.

"Muizolowere ndithu," anatero akumwetulira, dzanja lili pamimba. "Chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tizibwera atatu."

Mayi ake anakuwa ndi chimwemwe n'kumukumbatira. Ine ndinaseka nawo, koma maso anga anali pachiwongolero cha galimoto ija. Ndinkadziwa kuti tsiku limene idzagunde chinthu, mkati mwake mudzatuluka maliro.

2

Ndikubwezeni m'mbuyo zaka zitatu.

Panali wogulitsa magalimoto wina amene tinkamutcha Pulani, chifukwa kwa iye vuto lililonse linali ndi pulani yake. Tsiku lina anafika pagalaja ndi lole, pamwamba pake pali galimoto yabuluu yophwanyika kutsogolo konse. Inali itagunda mtengo. Mwini wake anatulukamo akuyenda yekha, anangothyoka chala.

"A Sipanala, idzutseni," anatero Pulani. "Galimoto ngati iyi anyamata amaifera."

Ndinaigwira miyezi iwiri, chitseko cha galaja chili chotseka. Ndinawongola mafupa ake, ndinawotcherera, ndinaika redieta ina, ndinatsuka tebo, ndinapenta. Kunena zoona inali ntchito yabwino, ndipo mpaka lero sindichita nayo manyazi, kupatula malo amodzi. Panali zinthu ziwiri zimene zinatha ntchito pangozi ija, ndipo zinali zovuta kupeza.

"Zimenezo saziona munthu," anatero Pulani. "Tsekani bwinobwino, ipite. Iyi ndikagulitsa kutali."

Ndinatseka. Ndinadziuza kuti wodzaigula ndi munthu wopanda nkhope, wakutali, mwina wosasamala amene akanadzipha yekha ndi liwiro. Ndipo sinali yokhayo. Pulani atawona kuti dzanja langa limabisa bwino, anabweretsa zina zisanu ndi imodzi. Kenaka ndinasiya, ndinamuuza kuti asadzapondenso pagalaja panga, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma akulu anati mlandu suola. Galimoto ija inayenda m'manja mwa anthu atatu, n'kudzalowa pageti panga itanyamula mwana wanga.

Mwina mukuti, bwanji sunangonena? Ndinayesa, koma ndinayesa ngati munthu wamantha.

"Bambo," ndinamuuza mkamwini Lamulungu lake, "galimoto iyi si ya banja. Imamwa petulo ngati chidakwa, zipangizo zake n'zosowa. Igulitseni mugule ina yofatsa."

Anangoseka. Munthuyu amagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba, tsiku lonse ali chete pa desiki. Anandiuza kuti galimoto ngati imeneyi anayamba kuilota ali m'kalasi yachisanu, chithunzi chake atachimata pakhoma.

"Nsanjetu imeneyo," anatero mkazi wanga alendo atapita. "Mwana wa eni wagula chinthu chabwino, inu nkhope ngati mwamwa mankhwala owawa."

Ndikananena zoona, mkamwini akanapita kwa amene anamugulitsa, ameneyo kwa mnzake, mpaka kwa Pulani, ndipo Pulani sakanafa yekha. Zikanatuluka zonse zisanu ndi ziwiri. Koma apolisi sindinkawaopa kwambiri. Ndinkaopa Kamsomali. Mwanayu ankati akagwira wophunzira akubera mayeso, ankamuuza kuti, "Bambo anga ndi makaniko, manja awo ndi akuda ndi oyilo, koma sananamizepo munthu." Anandiuza yekha zimenezi, akunyadira.

Choncho ndinasankha njira ina. Ndinamuuza mkamwini kuti, "Ngati mwaikakamira, chabwino. Koma pasapezeke makaniko wina woigwira. Ine ndekha."

Anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, kuthokoza.

3

Galimoto ya tebo ili ngati mkazi wapakati, imafuna kuisamala mwaulemu. Ndinamukhazika mkamwini pabenchi m'galaja n'kumupatsa malamulo, iye akulemba m'foni ngati mwana wasukulu.

"M'mawa musaikalipire isanatenthe. Oyilo tizisintha msanga, osadikira kuti ade ngati phula. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ayi. Mukathamanga nayo, pofika musathimitse nthawi yomweyo. Idikireni mphindi ziwiri ipume, apo ayi oyilo amapserera mu tebo. Mukaona utsi wabuluu kumbuyo, kapena mukamva ikulira ngati sayirini, imani mundiimbire."

"Nanenso ndili ndi lamulo langa," anatero iye akumuyang'ana Kamsomali mwanthabwala. "Chiwongolero ichi sagwira munthu wina. Ngakhale madamu."

"Iii, khalani nachotu," anayankha Kamsomali. "Ine bambo anandiphunzitsa kuyendetsa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, pamene inu munkagwabe panjinga. Mpando wanga wa kumanzerewu ukundikwana."

Onse anaseka. Ine mawu amenewo ndinawasunga mumtima ngati mankhwala.

Sabata yomweyo anandisiyira galimoto kuti ndisinthe oyilo, ndipo ndinachita chinthu choyamba chamseri. Tebo ndi kafani kamene kamazungulitsidwa ndi utsi wa injini, n'kumakankhira mpweya wambiri mkati kuti mphamvu ichuluke. Pambali pake pali kachitseko kamene kamataya utsi wina mphamvu ikafika pamlingo wake. Ndinasuntha kapaipi kamodzi kuti kachitsekoko kazitseguka msanga. Kunena mwachidule, ndinaifula ngati tonde. Phokoso linali lomwelo, kuyetsemula komweko, koma ukali unatha.

"Apongozi, ikukhala ngati yalemera," anatero mkamwini patapita masiku.

"Ndi oyilo watsopanoyo," ndinatero. "Ikuzolowera."

Anakhulupirira. Munthu amene amakukhulupirira ndi wosavuta kumunamiza, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka kwambiri lero.

Chachiwiri chinanditengera mwezi wathunthu. Ndinayenda m'malo onse kumene amaphwasula magalimoto akufa, mpaka ndinapeza inzake ya mtundu womwewo imene inagundidwa kumbuyo. Ndinabwerako ndi mitolo iwiri. Lachinayi lina mkamwini anasiya galimoto tsiku lonse kuti ndisinthe lamba wa injini. Ndinatseka chitseko cha galaja. Mtolo umodzi unalowa m'galimoto. Winawo ndinaumasula, n'kuuyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuukulunganso m'pepala. Ndinauika pa shelefu ya pamwamba, kuseri kwa zitini za penti.

"Mwezi wamawa," ndinadziuza.

Mwezi unatha, wina n'kubwera. Mimba ya Kamsomali inkakula. Loweruka lililonse ankabwera kudzationa, mkamwini n'kukhala m'galimoto mphindi zake ziwiri kudikira tebo ipume, akundibayibitsa pawindo. Ine ndinkabayibitsanso. Ndikalowa m'galaja maso anga ankathawa shelefu ija. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine mwambiwu ndinkaudziwa bwino.

4

Tsoka silinunkha. Linabwera Lamulungu masana, kumwamba kutachita mdima wa mvula.

Anthu a magalimoto a tebo ali ndi kagulu kawo. Amakumana pabwalo lina lakale, kutsegulirana maboneti ndi kuyesana liwiro. Kumeneko, masiku ochepa Lamulungulo lisanafike, mkamwini wanga anasiyidwa m'mbuyo ndi kagalimoto kena kosaoneka n'komwe, anzake n'kumuseka kuti wagula chikopa cha mkango chovekedwa pa bulu. Mmodzi anamutengera kwa makaniko wa kompyuta. Sizinamutengere mphindi khumi kuti apeze kapaipi kanga.

Tinali titangomaliza kudya pamene mkamwini anaika manja patebulo.

"Apongozi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Galimoto yanga munaimanga miyendo. Makaniko wandionetsa kapaipi kake. Wati si ngozi, ndi dzanja la munthu wodziwa. Ndipo palibe wina anaigwirapo koma inu."  "Miyezi inayi mukundiuza kuti ndi oyilo. Ngati mumandiona ngati mwana wosayenera galimoto yotere, kapena wosayenera mwana wanu, bwanji osangondiuza?"

"Iwe, usalankhule choncho kwa bambo anga," anatero Kamsomali. "Bambo sangachite zimenezo." Anatembenukira kwa ine. "Bambo, muuzeni."

Owerenga, khomo linali limenelo. Linatseguka lokha pamaso panga. Ndikanangoti, khalani pansi ana anga, pali nkhani. Mkazi wanga ankandiyang'ana, mkamwini ankandiyang'ana, ndipo mwana wanga ankandiyang'ana ndi maso a munthu amene sakukayika ngakhale pang'ono.

"Makaniko wanu wa kompyutayo akufuna kukudyerani," ndinatero. "Galimotoyo ikuyenda monga inabwerera."

Mkamwini anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Chabwino. Kapaipi kaja wakabwezera m'malo mwake dzulo. Iwe wakhala ukukwera galimotoyi miyezi yonseyi, ukuidziwa mmene imakokera. Nayi kiyi. Yendetsa wekha, uimve ndi phazi lako, ndiye uweruze pakati pa bambo ako ndi ine."

Kamsomali anatenga kiyi.

Ndinaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa. "Ayi! Asayendetse. Iwe khala pampando wako, wa kumanzere."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Uli ndi pakati."

"Pakati si matenda. Ndimayendetsa ya kusukulu sabata iliyonse. Ndipo munandiphunzitsa ndinu, mwaiwala? Ndingozungulira n'kubwerera, nkhaniyi ithe."

Ndinawatsatira panja. Mvula inali itayamba kuwaza. Kamsomali anakhala pachiwongolero, n'kukankhira mpando kutsogolo kuti mapazi afike, n'kutsitsa lamba pansi pa mimba. Mwamuna wake anakhala kumanzere. Ine ndinagwira chitseko cha dalaivala, osafuna kuchisiya.

"Sinthanani," ndinatero. "Chonde, sinthanani."

"Bambo ake, musiyeni mwana," anatero mkazi wanga ali pakhonde. "Mwayamba liti zimenezi?"

Kamsomali anandimwetulira. "Musaope, bambo. Ndikukakuyeretsani."

Ndinasiya chitseko. Galimoto inatuluka pageti, ndipo ndinaimva ikuyetsemula kawiri isanakhote.

5

Foni inalira tiyi wanga asanazizire.

Zinachitikira pakona ya kumadepoti, pamene msewu umadutsa pansi pa mlatho. Galimoto ya tebo ili ndi khalidwe lake. Ukaponda imayamba yazengereza, kenaka mphamvu yonse imabwera kamodzi ngati munthu wakukankha kumsana. Kamsomali ankaidziwa galimoto yofatsa imene ine ndinapanga. Anaponda molimba mtima, kufuna kutsimikiza kuti palibe chasintha. Tebo inadzuka ali pakati pa kona, pamsewu wonyowa. Anagunda chipilala cha mlatho.

Kuchipatala ndinamupeza mkamwini ataima m'khonde. Anali ndi kabala kamodzi pachipumi, malaya ake ali mbuu ndi ufa woyera. Ufa umenewo ndimaudziwa. Umatuluka ndi eyabagi, chibaluni chija chimene chimafufuma galimoto ikagunda kuti munthu asamenyetse mutu ndi chifuwa.

Atandiona anandigwera pachifuwa akulira.

"Apongozi, ndamupha ndine. Ndine ndinamupatsa kiyi. Changa chinatuluka, apongozi, changa chinatuluka bwinobwino. Cha iye sichinatuluke."

Ndinamusisita kumsana. Inde, ndinamusisita kumsana, n'kumuuza kuti alimbe mtima.

Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati Kamsomali akhala ndi moyo. Anathyoka nthiti zinayi ndi chibwano, chifukwa anamenyetsa pachiwongolero. Kenaka anatsitsa mawu. Mwana sanathe kumupulumutsa. Anali wamwamuna.

Mkazi wanga anakhala pansi pasimenti pomwepo. 

6

Patapita masiku anayi, mkamwini anafika kunyumba m'mawa atanyamula jumbo. Anali atasintha. Kulira kunali kutatha, m'maso munali moto.

Anakhuthula jumboyo patebulo la pabalaza. Munatuluka chivundikiro cha pakati pa chiwongolero, chong'ambika, ndi chidutswa cha siponji yachikasu, chodulidwa bwino mozungulira.

"Wapolisi woyeza magalimoto wandionetsa izi," anatero. "M'chiwongolero munalibe eyabagi. Munali siponji. Wina anamata chivundikiro ndi guluu, n'kuika kawaya konamiza kompyuta, n'kuchotsa babu la kanyali kochenjeza. Galimotoyi inagundapo kale, apongozi. Ndikampeza munthu amene anachita izi, Mulungu andikhululukire."



"Koma pali chimene chamudabwitsa wapolisiyo," anapitiriza. "Akuti ya kumanzere, imene inandipulumutsa ine, inaikidwa posachedwapa. Mabawuti ake ndi onyezimira, alibe ngakhale fumbi. Ndiye ndikufunsa, ndani angakonze mbali imodzi n'kusiya inayo?"

Mkazi wanga anali atatola siponji ija. Anaitembenuza. Kunsi kwake kunali kutamatirira kansalu ka maluwa ofiira. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukasisita ndi chala.

"Bambo ake," anatero motsitsa, "matiresi aja a maluwa ofiira, amene ankagonera mwana wathu ali wamng'ono, munawatengera kugalaja kuti muzigonera pokonza kunsi kwa magalimoto. Ali kuti?"

 

"Ali kugalaja," ndinatero. "Ndi odulidwadulidwa."

Ndinawauza zonse. Za Pulani, za lole, za miyezi iwiri chitseko chili chotseka. Kuti ma eyabagi onse awiri anaphulika pangozi yoyamba ija, ndipo ine ndinadzaza malo ake ndi siponji ya matiresi a mwana wanga. Kuti ndinaifula galimoto poganiza kuti ikamayenda mofatsa sidzagunda. Kuti ndinapeza ma eyabagi awiri, onse abwino, pamodzi ndi kabokosi kamene kamawalamulira.

"Awiri?" anafunsa mkamwini. "Nanga inayo?"

"Ili pa shelefu."

"Chifukwa chiyani?"

Funso limeneli ndinali ndisanaliyankhe ngakhale kwa ine mwini. Ya kumanzere imabisala mkati mwa dashibodi, palibe amaiona. Ya dalaivala imabwera ndi chivundikiro chake, ndipo chimene ndinapeza chinali chotuwa pamene chakale chinali chakuda. Munthu amene ankapukuta chiwongolero chake ndi kansalu m'mawa uliwonse akanaona tsiku lomwelo. Akanafunsa. Ndiye ndinakonza mbali imene ankakhala mwana wanga, ndipo inayo ndinati ndidzaona.

 Mkamwini anatola kiyi wa nyumba yake patebulo n'kuimirira.

"Ndinkakutengani ngati bambo anga," anatero, n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Anachitseka bwinobwino, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chibakera.

7

Kamsomali anakana kundiona kwa milungu isanu ndi umodzi. Atamuchotsa mawaya a m'chibwano, anatuma mayi ake kuti ndipite.

Ndinamupeza atakhala pampando pafupi ndi windo, ataonda, nkhope itapendekera mbali imodzi. Pakona panali kabedi ka mwana kamene mwamuna wake anapanga yekha, katavundikiridwa ndi nsalu. Ndinali nditakonzekera kuti andikalipire za mwana wake. Ndinagwada.

"Dzukani, bambo," anatero. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu akutuluka movutikira. "Khalani apo."

Ndinakhala.

"Mwana wanga ndamulira, ndipo ndidzamulira mpaka kufa. Koma si chimene ndakuitanirani. Ndikudziwa kuti ine simunafune kundipweteka. Mpando wanga munaukonza."

"Mwana wanga, ine..."

"Dikirani. Miyezi inayi mwamuna wanga ankakupatsani moni ndi manja awiri. Ankadya patebulo panu. Akamachoka munkamubayibitsa, mukudziwa kuti kutsogolo kwa chifuwa chake kuli siponji, ndipo chomupulumutsa chili pa shelefu yanu. Tsiku lija munagwira chitseko n'kunena kuti sinthanani. Ndakhala ndikuwamva mawu amenewo tsiku ndi tsiku. Simunati tsikani. Munati sinthanani."

Misozi inkatsika, koma mawu ake sanagwedezeke.

"Ndiye ndiyankheni chinthu chimodzi. Tikanasinthana, iye n'kufa, ine n'kutuluka ndi kabala pachipumi, mukanandiuza?"

Ndinatsegula pakamwa. Bodza linali litafika kale palilime, lokonzeka ngati masiku onse. Koma ndinali nditatopa.

"Ayi," ndinatero. "Ndikanabwera kumaliro. Ndikanakugwira dzanja. Sindikanakuuza."

Anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wapeza yankho limene amaliyembekezera.

"Zikomo, a Sipanala," anatero. "Mukhoza kupita."

Chibadwire anali asananditchulepo dzina limenelo.

8

Papita chaka ndi theka. Galaja ndinatseka. Ndinapita ndekha kupolisi, ndipo mlandu wanga ndi wa Pulani udakali m'khoti. Mkazi wanga amandiphikira, amandichapira, koma amagona kuchipinda kumene kunali kwa mwana wathu. Kamsomali ndi mwamuna wake ali limodzi, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Ndimamva kwa mayi ake kuti anabwerera kukaphunzitsa. Sindikudziwa chimene amawauza ana akawagwira akubera mayeso.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti munthu uyu ndi chilombo. Sindikutsutsani. Koma dziwani kuti sindinadzuke tsiku lina n'kuganiza zopha munthu. Ndinangoganiza kuti pali anthu anga ndi anthu a eni, ndipo kuti a eniwo akhoza kudikira. Poyamba wa eni anali mlendo wakutali amene sindinkamudziwa nkhope. Kenaka anali mkamwini wanga, wodya nane mbale imodzi. Akulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ine ndinkaunena mwambiwu pamaukwati a anthu, osadziwa kuti tsiku lina ana awiriwo adzasinthana mipando.

Ndalemba izi pa chifukwa chinanso. Magalimoto amene ndinatseka ndi siponji anali asanu ndi awiri. Yabuluu ija inatha. Anayi tinawapeza, eni ake anauzidwa. Awiri sakudziwika kumene ali. Anasintha manambala, mwina anasinthanso penti, ndipo pena pake pali munthu amene amawapukuta m'mawa uliwonse n'kukweza ana ake.

Ngati munagula galimoto yakale, makamaka zothamanga izi zimene anyamata amazifera, mawa musanalize injini tembenuzani kiyi pang'ono n'kuyang'ana pa dashibodi. Pali kanyali kofiira ka munthu wokhala pampando, chibaluni chili patsogolo pake. Kamayenera kuyaka, kenaka n'kuthima kokha. Kakapanda kuyaka n'komwe, musanyamuke, ndipo musakweze mwana wa munthu aliyense. Tsegulani chitseko, kwezani labala wa m'munsi, yendetsani chala pachitsulo. Mukapeza mzere wothera ndi kadontho, galimoto imeneyo inadutsa m'manja mwanga.